Kukonzanso mawindo ochotseka ndi denga lansalu la MGA kuti mvula isalowe

Pali ntchito imodzi imene imavuta anthu ambiri okonza magalimoto akale a ku Britain. Injini amaimaliza, ikulira bwino, penti ikuwala, koma mvula yoyamba ikangowapeza panjira amafika kunyumba phewa litanyowa, madzi atadikha pansi pa mpando. Vuto limakhala pa mawindo ochotseka a m'mbali, aja eni magalimotowa amati ma side screen, ndiponso pa denga lansalu.

Galimoto ya MGA ya denga lansalu, imene inkapangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1955 mpaka 1962, ilibe magalasi okweza ndi kutsitsa m'zitseko. Windo lake ndi felemu yachitsulo yokutidwa ndi nsalu, pakati pali pulasitiki yoonekera, ndipo mumachita kulizika pamwamba pa chitseko n'kulimanga ndi nati yopotokola ndi zala. MG TD ndi TF, Triumph TR2 ndi TR3, Austin-Healey 100 ndi Sprite yoyamba ya 1958 nazo zili choncho, kotero malangizowa akuthandizani pa zonsezi, ngakhale pano titsata MGA.

Anthu ambiri amalakwira pamodzi: amayamba ndi kusoka. Amakuta felemu patebulo, kuikongoletsa, kenako n'kupita nayo pagalimoto, n'kupeza kuti pakati pa windo ndi galasi lakutsogolo pali mpata wolowa chala. Apo n'kuti nsalu yodula ija itamatidwa kale, ndipo felemu simungaipindenso osaiwononga. Windo limeneli silikhala palokha. Limatseka mpata umene wazunguliridwa ndi zinthu zitatu: chitseko pansi, mzati wa galasi kutsogolo, denga pamwamba ndi kumbuyo. Zitatuzi zikhale m'malo mwake kaye, nsalu ya windo idzadulidwe pomalizira.

Zofunika kukhala nazo

Zida:

- Masipanala a mainchesi ndi masikuludiraiva osatha kukamwa. Mabawuti a MGA ndi TR3 ndi a mazinga a mtundu wa UNF, a pabodi ya MG TD ndi a mitundu ya BSF ndi BA. A mamilimita salowa.
- Dirilo ndi kabiti ka 3.2 mm koboolera mariveti akale
- Bulashi yawaya, tupa, sandipepa yokhakhala ya 80 ndi 180, ndi yosalala ya m'madzi ya 1200, 2000 ndi 3000
- Vayisi, timatabwa tiwiri totchinjiriza chitsulo, ndi hamala yalabala
- Sizasi yakuthwa, ina yobuntha kunsonga, malezala atsopano, choko, tepi yoyezera, tepi yapepala yomata
- Makatoni opyapyala odulira mapatani
- Chiboolera mabowo a mabatani
- Makina osokera a okonza mipando ya galimoto, aja phazi lake limayenda pamodzi ndi nsalu, ndi singano za 110 mpaka 125
- Magalasi oteteza maso ndi chotseka pamphuno

Zipangizo:

- Nsalu yofanana ndi ya denga lanu: vinilo (nsalu yokutidwa pulasitiki) ya mtundu wa Everflex, kapena double duck imene ili ndi labala pakati pa nsalu ziwiri zathonje, kapena nsalu ya madenga yotchedwa mohair
- Pulasitiki yofewa yoonekera ya PVC, monga Vybak, yokhuthala pafupifupi 0.75 mm
- Perspex (pulasitiki yolimba yoonekera) ya mawindo otsetsereka, yokhuthala mofanana ndi yakale, kawirikawiri pafupifupi 3 mm
- Ulusi wa polyester wosaopa dzuwa
- Guluu wa kontaki wopirira kutentha
- Mankhwala opha dzimbiri, penti yoyamba yokhala ndi zinc, ndi penti yomalizira
- Mafuta omasulira mabawuti ogwira dzimbiri
- Labala watsopano wa m'mphepete, malamba atsopano a felemu ya denga
- Mabatani omangira nsalu pagalimoto, a Lift-the-Dot kapena Tenax, malinga ndi amene galimoto yanu ili nawo
- Masitepulo kapena timisomali tosachita dzimbiri

Ogulitsa zipangizo za magalimotowa, monga Moss Europe ku Britain, amagulitsa nsalu zosokeratu. N'zabwino ndipo zimachepetsa ntchito, koma nazonso sizimatidwa felemu isanayesedwe. Poyitanitsa nenani mtundu weniweni wa galimoto. MGA 1500 ili ndi windo losatsetsereka lokhala ndi kachitseko kansalu m'munsi. MGA 1600, imene inabwera mu 1959, ili ndi Perspex yotsetsereka. MG TD ina ili ndi denga la nthiti (zitsulo zopindika zochirikiza nsalu) ziwiri, ina la nthiti zitatu, ndipo mawindo ake amasiyana. Pa Triumph, mawindo oyamba amalowa ndi timapazi tochita kuphatika, pamene a TR3A zambiri amamangidwa ndi zomangira zopotokola zotchedwa Dzus.

Kumasula

1. Jambulani zonse musanagwire sipanala.

Ikani mawindo akalewo pagalimoto monga alili, kwezani denga, jambulani ndi foni mbali zonse, mkati ndi kunja. Jambulani pafupi makona, pamene nsalu inapindidwira, ndi pamene labala amathera. Matani tepi yapepala pa felemu iliyonse n'kulembapo kumanja kapena kumanzere, kutsogolo, pamwamba. Zikamasuka, tizitsulo ta mbali ziwirizi timafanana kwambiri moti pakapita mwezi simungatisiyanitse.

2. Chotsani nsalu yakale bwinobwino.

Thirani mafuta pa timabawuti tonse, tigone usiku. Mariveti aboolereni pamutu pokha, n'kugogoda chotsalacho kuti chituluke. Mukapitiriza kuboola mukulitsa bowo la pafelemu. Nsalu muimasule potsata msoko, ndi lezala, ndipo musaitaye ngakhale itawola. Ikuuzani mmene mapindidwe anayendera komanso nsalu imene inali pamwamba pa inzake.

Chenjezo: musadule nsalu yatsopano potengera kukula kwa yakaleyi. Vinilo imafota ikakalamba, ndipo m'mphepete mwake, momwe mumayenera kugunda denga ndi chitseko, ndi momwe imafota kwambiri.

3. Chotsani dzimbiri ndipo muone ngati chitsulo chikadali chamoyo.

Dzimbiri limadya kwambiri chitsulo cham'munsi, chifukwa madzi amatsikira mkati mwa nsalu n'kukhazikika pamenepo. Palani ndi bulashi yawaya ndi sandipepa ya 80 mpaka chitsulo chioneke. Mutseke pamphuno, popeza penti za zaka zimenezo zina zinali ndi mtovu. Kenako kanikizani ndi nsonga ya sikuludiraiva m'makona ndi pamene chikhomo cholowa m'chitseko chinalumikizidwira. Pakalowa kapena pakafumbutuka, gawo limenelo lidulidwe, aikepo chitsulo china. Wowotcherera mumuuze kuti amange felemu pa thabwa lathyathyathya ndipo aziwotcherera pang'onopang'ono, kudontheza apa, kudikira, kudonthezanso apo. Chitsulochi n'chopyapyala, moto ukachuluka chimapotoka.

Musapake penti panopa.

Kuyesa chitsulo pagalimoto

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene simuyenera kuthamanga.

4. Yambani ndi zitseko.

Tsegulani chitseko pang'ono, gwirani kumapeto kwake, kwezani m'mwamba. Chikagwedera, mahinji atha, ndipo windo lililonse limene mungaikepo lizitsika nacho. Konzani mahinji, konzani loko, mpaka chitseko chizitseka pamalo amodzimodzi nthawi zonse, mpata wake uli wofanana kuzungulira. Onaninso bowo lolowamo chikhomo cha windo pamwamba pa chitseko ndi kachitsulo komangirapo nati. Zikakhala zokhwepa, zimangitseni kapena zisintheni. Windo logwedera pachikhomo silitseka madzi ngakhale mutalisoka bwino chotani.

5. Zikani mafelemu opanda nsalu, muwayerekeze ndi galasi lakutsogolo.

Tsekani zitseko zonse ziwiri, muime pambali, muone mpata wa pakati pa felemu ndi mzati wa galasi. Uyenera kukhala wofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, wokwana labala kapena nsalu yam'mphepete imene idzakhalepo. Ukakhala wotseguka pamwamba, wothina pansi, ndiye kuti china mwa ziwirizi chapendekeka. Funso n'lakuti chiti.

Njira yodziwira ndi iyi. Chotsani mafelemu onse awiri, muwagundanitse kumsana, wina pa mnzake. Akafanana ndendende koma pagalimoto onse akusiya mpata wofanana, mafelemu ali bwino, galasi ndi limene lagona kapena laimirira kwambiri. Pa MGA mizati ya galasi imamangidwa ndi mabawuti mkati mwa bodi, ndipo mukawamasula pang'ono galasi limalola kusuntha. Lisuntheni mpaka ligwirizane ndi mafelemu mbali zonse ziwiri, mumange pang'onopang'ono, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono. Mukamanga mbali imodzi mpaka kumapeto galasi limapotoka, ndipo likhoza kung'aluka patapita masiku.

Mafelemu akasiyana, wina ndi wopindika. Amapindika chifukwa anthu amakokera chitseko pa windo, makamaka pa MGA imene ilibe chogwirira chakunja: munthu amapisa dzanja kudzera pa windo kuti akoke chingwe cha mkati mwa chitseko, n'kumatsamira felemu. Muwongolereni m'vayisi, timatabwa tili mbali zonse, pang'ono chabe, n'kubwerera kukayesa. Mubwerezabwereza ndithu, ndipo palibe njira yachidule.

Chenjezo: musawongolere felemu ili pachitseko. Zitseko za MGA zinakutidwa ndi aluminiyamu, ndipo mukakoka mwamphamvu chimapindika ndi chitseko, felemu ili chomwecho.

Chinanso chimene mabuku ambiri sanena: galimoto ikathamanga, mphepo imakokera mawindowa kunja. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti pamwamba pa felemu papendekere mkati pang'ono, kuti potseka chitseko izichita kukanikiza pa denga, osati kungokhudza. Pang'ono pokha. Mukachulukitsa, windo lizimenya mzati wa galasi n'kukanda chrome.

6. Konzani felemu ya denga.

Chotsani nsalu yakale ya denga, thirani mafuta m'mfundo zonse, mukweze ndi kutsitsa felemu mpaka izipinda popanda kulimbana nayo. Mfundo yolimba ndi imene imachititsa munthu kukoka mwamphamvu n'kupinda nthiti. Yezani kuchokera pakati pa nthiti iliyonse kufika pamwamba pa chitseko, kumanja ndi kumanzere, manambala afanane.

Thabwa lakutsogolo kwa denga la MGA ndi lamtengo. Likawola kapena likadzaza mabowo a misomali yakale, timisomali tatsopano sitigwira. Lisintheni, kapena tsekani mabowo ndi timitengo ndi guluu wa matabwa. Onetsetsani kuti likukhala bwino pa zikhomo za pamwamba pa galasi ndipo zomangira zake zikugwira. Malamba amene amalumikiza nthiti ndiwo amaika nthiti iliyonse pamalo pake, kotero yezani akalewo musanawachotse, ndipo atsopano akhale ofanana kutalika mbali zonse.

Ngati pali chowotcherera kapena chopala ndi giraindala, felemu ichoke pagalimoto. MGA ili ndi mabatire awiri a 6 volts kuseri kwa mipando, pansi pa chivindikiro, pafupi kwambiri ndi pamene felemuyi imamangidwa.

7. Tsopano pakani penti.

Mankhwala opha dzimbiri, penti yoyamba, penti yomalizira. M'timisewu moyenda Perspex mupake mopyapyala, apo ayi windo silitsetsereka. Musiye penti iume sabata yathunthu musanapakepo guluu, chifukwa guluu wa kontaki amasungunula penti yaiwisi n'kumatuka nayo limodzi.

Kuveka denga

8. Vekani nsalu kuyambira kumbuyo.

Yanikani nsalu padzuwa kwa ola limodzi kuti ifewe ndi kuchotsa makwinya. Amene muli ku England m'nyengo yozizira, tenthetsani garaja. Pindani nsalu pakati, lembani mzere wapakati ndi choko kutsogolo ndi kumbuyo, mulembenso pakati pa thabwa lakutsogolo ndi pa tepi yomata pabodi kumbuyo.

Kumbuyo kwa denga la MGA kuli kathumba kolowamo chitsulo chathyathyathya chimene chimakola pa zokolowekera ziwiri zonyezimira pabodi. Lowetsani chitsulocho, koloweka, mizere ya choko ikumane. Kokerani nsalu kutsogolo pamwamba pa nthiti, mawindo opanda nsalu aja ali pazitseko. Ichi n'chofunika kwambiri: m'mphepete mwa denga pamwamba pa chitseko muyenera kutsata pamwamba pa felemu ya windo, mbali zonse mofanana. Mukaveka denga mawindo palibe, mudzapeza mbali imodzi yaphimba bwino, ina yasiya mpata.

Thabwa lakutsogolo lili lomangidwa pagalasi, kokani nsalu mpaka makwinya achoke, mulembe ndi choko pamene yafika m'mphepete mwa thabwa. Masulani thabwa, likwezeni, mukhomere nsalu mongoyembekezera, mutapitirira mzere wa choko uja ndi mamilimita 5 kapena kuposa pang'ono. Yambani pakati, kupita m'mbali. Tsekani denga muone. Ngati pakufunika kusuntha, zulani musunthe. Nsalu yotsala musaidule mpaka galimoto itagona usiku umodzi denga lili chotseka.

Chenjezo: vinilo imatamuka kwambiri ikatentha. Mukaikoka mpaka pomaliza masana dzuwa lili paliwombo, m'mawa wozizira denga silifika pagalasi, ndipo mukalikakamiza misoko imang'ambika kapena galasi limakokedwera m'mbuyo, n'kusokoneza zonse munachita pa sitepe 5.

9. Ikani mabatani, limodzi limodzi.

Musaboole mabowo onse nthawi imodzi potengera denga lakale. Pakani choko pansonga ya chikhomo cha pabodi, kokani nsalu mmene iyenera kukhalira, kanikizani ndi chala. Choko chisiya kadontho mkati. Boolani pamenepo. Ikani batani limodzi kumanja, limodzi kumanzere, n'kumapita choncho, kuti nsalu isakokere mbali imodzi.

Batani la Lift-the-Dot lili ndi kadontho pamwamba, ndipo limatseguka pokhapokha mukakweza mbali ya kadonthoko. Kadontho kayang'ane m'mphepete mwa nsalu, kumene dzanja lidzagwire. Mukalitembenuza, mudzakoka mpaka nsalu ing'ambike batani lisanatseguke. Timano take tinayi tipyoze nsalu, tilowe m'kambale ka kuseri, mutipinde mwamphamvu. Pa TR3 kutsogolo kwa denga kumamangidwa pagalasi ndi mabatani a Tenax, amene amamasuka mukakoka kamutu kake. Nawonso aikidwe kuyambira pakati.

Kukuta mawindo

10. Dulani patani pagalimoto pomwepo.

Denga lili chokweza, chitseko chotseka, felemu ili m'malo mwake, matani katoni pa felemu ndi tepi. Jambulani pamene nsalu yam'mphepete iyenera kufika: kutsogolo igunde mzati wa galasi, pamwamba ilowe pansi pa mlomo wa denga, kumbuyo iphimbe m'mphepete mwa denga, pansi igone pa chitseko kunja kuti madzi azitsikira panja. Dulani katoni, tsegulani ndi kutseka chitseko kangapo, muone ngati ikukola penapake. Mbali iliyonse ikhale ndi patani yakeyake. Magalimotowa ankamalizidwa pamanja, ndipo patapita zaka zoposa 60 mbali ziwiri sizifanana.

Potengera pataniyo pansalu, onjezani masentimita 1.5 a msoko, ndi ena 3 kumene nsalu idzapindikire kuseri kwa felemu. Nsalu zonse zidulidwe moyang'ana mbali imodzi ya mpukutu, apo ayi padzuwa windo lina lizioneka lakuda kuposa linzake.

11. Sokani pulasitiki yofewa.

Sitepe iyi ndi ya MGA 1500, MG TD ndi ena a windo losatsetsereka. Ngati mulibe makina oyenera, pitani nazo kwa wokonza mipando ya galimoto kapena wosoka matenti, koma mukhale pomwepo, chifukwa zinthu zitatu izi ambiri amazichita mosiyana.

Choyamba, musabooleretu malo a windo pansalu. Gonekani pulasitiki pansalu yathunthu, igwireni ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, sokani kuzungulira, kenako mudule nsalu yapakati. Mukayamba ndi kudula, nsalu imatamuka ndipo windo limatuluka lopotoka, lamafunde. Podula, ng'ambani kabowo kakang'ono pansalu, lowetsani kakatoni pakati pa nsalu ndi pulasitiki, mudule ndi sizasi yobuntha ikuyenda pamwamba pa kakatoniko. Nsonga ya sizasi ikangokhudza pulasitiki, chipsera chake n'chamuyaya.

Chachiwiri, musagwiritse mapini. Bowo lililonse pa vinilo kapena pa pulasitiki silitsekekanso.

Chachitatu, msoko ukhale wotalikirana, mamilimita 5 kapena 6. Msoko wothithikana umaboola pulasitiki ngati mzere wong'ambira m'buku la malisiti, ndipo imadzang'ambikira pomwepo. Ulusi wathonje umawola, wa nayiloni umapsa ndi dzuwa. Wa polyester ndiye woyenera.

Pa MG TD pali tizitsulo tonyezimira tozungulira windo, tomangidwa ndi timabawuti topyoza nsalu ndi felemu. Mabowo ake muwaboole nsalu ili kale pamalo pake pagalimoto, potengera mabowo a pafelemu.

12. Perspex yotsetsereka: ipukuteni kapena idulidwe ina.

Ngati yangochita mbuu ndi timizere, imabwerera. Ipaleni ndi sandipepa ya 1200 m'madzi a sopo, kenako 2000, kenako 3000, kusintha mbali yopalira nthawi iliyonse, mumalize ndi polishi ya pulasitiki pa nsalu yofewa. Koma mukaiyang'anitsa padzuwa n'kuona timing'alu tambirimbiri mkati mwake, yatha, kupukuta sikuthandiza.

Podula ina, musachotse pepala lotchinga mpaka pomaliza. Gwiritsani macheka a mano ang'onoang'ono, osathamanga, musalaze m'mphepete ndi tupa ndi sandipepa, makona akhale obulungira. Poboola malo a kogwirira, bunthitsani kabiti pang'ono, ikani thabwa pansi, ndipo bowo likhale lokulirapo kuposa bawuti. Perspex imafufuma ikatentha kuposa galasi kangapo, ndipo bawuti yothina m'bowo lothina ndi imene imayambitsa mng'alu. Pa chifukwa chomwecho, isadzaze kamsewu kake mpaka pamwamba. Izikhala ndi kampata kosewera.

Polycarbonate, pulasitiki ina yolimba yoonekera, sisweka msanga, ndipo ena amaikonda. Ine ndimasankhabe Perspex, chifukwa polycarbonate wamba imakandika mosavuta, ndipo kuipukuta kuti iwalenso n'kovuta.

13. Matani nsalu ndi kuika labala.

Gwirirani ntchito panja kapena pamalo opita mphepo, kutali ndi moto. Pakani guluu mopyapyala pafelemu ndi pansalu, dikirani mpaka asamamatire pachala, kenako gundanitsani kuyambira pakati pa mbali iliyonse. M'makona cheketsani nsalu timizere kuti ipindike popanda kutukumuka, koma timizereto tisafike poonekera.

Chenjezo: guluu wa nsapato amamata bwino tsiku loyamba. Galimoto ikakhala padzuwa, mafuta a mu vinilo amalowa mu guluuyo, n'kusanduka phala lonanda, nsalu n'kuyamba kutsetsereka. Funani wolembedwa kuti ndi wopirira kutentha komanso woyenera vinilo.

Labala mumudule motalikirapo pang'ono, ndipo musamukoke pomulowetsa. Labala wokoka amabwerera pakapita milungu n'kusiya makona apululu. Madzi a sopo amathandiza kuti alowe.

14. Chovindikira cha pamipando.

Chovindikirachi, chimene amati tonneau, chimaikidwa monga denga: mzere wapakati, choko pa zikhomo, batani limodzi uku, limodzi uko, zipi ili yotseka. Chofunika kusamala ndi poyitanitsa. MGA zambiri zinagulitsidwa ku America, kotero zovindikira zambiri pamsika zili ndi kathumba ka chiwongolero kumanzere. Ngati yanu ndi ya chiwongolero kumanja, monga za ku Britain ndi zimene zinkalumikizidwa ku Durban ku South Africa, nenani zimenezo momveka.

15. Yesani ndi madzi.

Munthu mmodzi akhale mkati ndi tochi ndi choko, wina panja ndi paipi yamadzi oyenda pang'onopang'ono. Yambani m'munsi mwa chitseko, kukwera pang'onopang'ono. Mukayamba pamwamba simudziwa pamene madzi alowera. Wamkati alembe paliponse pamene dontho laonekera. Malo ovuta ndi kona yakutsogolo pamwamba, pamene windo, galasi ndi denga zimakumana. Nthawi zambiri kawashala kopyapyala pansi pa chomangira windo, kapena kalabala kowonjezera pansi pa thabwa lakutsogolo, zimakwanira.

Denga la nsalu yathonje kapena mohair lipakidwe mankhwala oletsa madzi, monga Fabsil kapena Renovo, makamaka m'misoko. Ndipo musayembekezere kuti MGA idzauma ngati galimoto ya masiku ano. Timadontho tochepa pamvula yamkuntho n'tachibadwa chake. Madzi oyenderera pachitseko kufika pampando ndiwo chizindikiro choti penapake sipanakhale bwino.

Zolakwika zofala

Kupukuta pulasitiki ndi thinazi, petulo, acetone kapena mankhwala otsukira magalasi okhala ndi ammonia. Perspex imachita timing'alu, PVC imachita mbuu. Madzi ambiri, sopo wofewa ndi nsalu yofewa basi, ndipo fumbi muyambe mwalitsuka ndi madzi musanapukute. Kupukuta fumbi louma ndi chikhatho ndi kumene kumakanda mawindo ambiri.

Kukakamiza bawuti ya mamilimita m'bowo la mainchesi. Imalowa kawiri katatu, kenako n'kudya mazinga. Ya mamilimita ya M5 imaoneka ngati ikufanana ndi ya mainchesi ya 10-32 UNF, koma si imodzi.

Kuponya mawindo kuseri kwa mipando osawaika m'chikwama chake. MGA ili ndi chikwama cha zipinda ziwiri kumeneko, MG TD ili ndi bokosi. Ikani nsalu yofewa pakati, zikhomo zachitsulo zisayang'ane pulasitiki ya linzake.

Kupinda denga lili lonyowa. Limachita nkhungu, ulusi umawola, ndipo pulasitiki yakumbuyo imasanduka yoyera ngati yathiridwa mkaka. Popinda, pulasitiki isathyoledwe pakati. Igone kapena ikulungidwe ndi thaulo mkati.

Kusiya denga chopinda miyezi yambiri. Vinilo imafota, ndipo tsiku la mvula silifika pagalasi. Galimoto ikamakhala m'garaja, denga likhale chokweza, mabatani onse ali otseka.

Kutsuka ndi makina a madzi amphamvu. Amatsegula misoko ndi kukankhira madzi mkati mwa nsalu ya windo, n'kuyambitsanso dzimbiri limene munachotsa pa sitepe 3.

Kuthira silikoni m'mipata. Imagwira masabata ochepa, imasunga madzi kuseri kwake, ndipo pamene yakhudza penti ndi guluu sizidzagwiranso bwino. Mpata ukakhala waukulu kuposa umene labala angatseke, bwererani ku sitepe 4 ndi 5, muyesenso chitseko, galasi ndi felemu.